Milomo ya Mlongoti

Chidule ndi Mlongoti anayamba kuseketsa anthu limodzi imvi zisanawapeze, ndipo mayina awo enieni anthu anawaiwala kalekale. Ngakhale akazi awo, akakwiya, ankawaitana ndi mayina a pasiteji omwewo. Chidule anali wamfupi, wa kamimba, wolongolola ngati wailesi yothyoka batani. Mkati mwa sabata ankagulitsa penti ndi misomali m'sitolo ya zomangira nyumba. Mlongoti anali wamtali moti khomo lililonse ankalowa chowerama, woonda, wa nkhope yosadziwa kumwetulira, ndipo ankakonza mafiriji. Pasiteji Chidule ankabwebweta, kudumpha, kutuluka thukuta, pomwe mnzakeyo ankangoima n'kumamuyang'ana kuchokera kumwambako. Sewero lawo lililonse linkayamba chimodzimodzi. Chidule ankafunsa kuti, "Mlongoti, ukundiona?" Mlongoti ankadikira, n'kudikirabe, kenako n'kuyankha mwaulesi kuti, "Ndikuona chipewa chikuyenda chokha." Nthabwalayo anthu ankaidziwa ngati dzina lawo, koma ankafabe nako kuseka, chifukwa luso la Mlongoti silinali m'mawu. Linali m'kudikirako. Ankadziwa kamphindi kenikeni kotsegulira pakamwa.

Chaka chimenecho zinthu zinavuta. Anthu anali atazolowera kuseka payekhapayekha, aliyense ataweramira foni yake. Awiriwa anapeza holo yoti achitiremo sewero lalikulu Loweruka lina masana, anamata mapepala olengeza pamakoma ndi pamitengo ya magetsi, koma mvula inawafafaniza, ndipo matikiti anangokhala phee m'kabati ya Chidule.

Panalinso china chimene chinkamudya Chidule mumtima, chimene sanauze munthu. Kwa miyezi ingapo Mlongoti anali atayamba kuphonya nthawi pasiteji. Anthu ali mkati moseka, iye ankayamba kulankhula, mawu n'kumira m'phokoso, nthabwala n'kufera pomwepo. Pena ankachedwa, n'kudzayankha anthu atasiya kale kuseka, holo ili zii. Chidule anaganiza za mowa, koma mnzakeyo sankanunkha. Anaganiza kuti mwina watopa naye, akufuna kusiya koma akusowa poyambira. Akamuimbira foni sankayankha, ankangotumiza uthenga wolemba. Zonsezi Chidule anangozisunga, ndipo zinkamuwawa.

Nzeru ya vidiyo inachokera kwa mlongo wake wa Chidule, mayi wojambula maukwati, amene anali ndi kamera imodzi, nyale ziwiri ndi pakamwa posaopa munthu.

"Achimwene, mapepala anuwo akuwerenga ndi mvula yokha," anatero mayiyo. "Anthu ali pafoni, alondoleni komweko. Mwawaona mavidiyo a anyamata oimba masiku ano? Galimoto yonyezimira, matcheni m'khosi, magalasi akuda m'nyumba, atsikana akuvina kumbuyo, mnyamata akuloza kamera ngati yamulakwira. Inuyo madala awiri muchite zomwezo. Kumapeto munene tsiku ndi malo a sewero lanulo. Ine ndijambula ulere, bola musandilamule."

Chidule anaseka mpaka kutsokomola. Nyimbo anaipeka ali pakauntala, uku akuyeza misomali, ndipo anaitcha kuti "Zonse N'zobwereka". Poyambira pake pankati:

Galimoto iyi musaigwire, si yanga,
Jekete ili musalikoke, si langa,
Nsapato izi mwini wake akudikira panja,
Mkazi yekhayu ndiye wanga,
Koma naye akuti aganize kaye.

Mawu anakajambulira kunyumba kwa mlongoyo, m'kabati ya zovala, kuti phokoso la panja lisalowe. Chidule analowamo choimirira. Mlongoti anachita kugwada, mutu uli pakati pa madiresi. Atamuveka mahedifoni kuti azimva ng'oma za pakompyuta, iye anati, "Kwezani." Mayiyo anakweza. "Kwezaninso."

"Muphulika mutu, a Mlongoti."

"Oimba enieni amatero," anayankha, nkhope ili gwa. Onse anaseka, ndipo anaimba bwino kwambiri, osaphonya ngakhale pamodzi.

Zovala ndi zokongoletsa anachita kutolera. Matcheni anali omangira zipata, ochokera kusitolo kwa Chidule, atawapaka penti wagolide. Mphete zinali za makatani. Mkazi wa Mlongoti, amene anali telala, anasoka majekete awiri aubweya kuchokera ku bulangete lakale la ana, moti pamsana pa Chidule pankaonekabe khutu la chimbalangondo. Ovina anali anzake a mayiyo atatu osoka nawo pamzere umodzi, amayi athupi, amene anavomera pokhapokha asawauze kuti agwade, chifukwa mawondo anali atawatha.

Chovuta chinali galimoto. Aliyense wokhala ndi galimoto yooneka anali ndi chifukwa chokanira. Amene anavomera anali dalaivala wina wokonda masewero awo, woyendetsa galimoto yonyamula maliro: yakuda, yaitali, yowala ngati nsapato ya mkwati. Lamlungu m'mawa ankapita nayo kotsukitsa, ndipo anati angathe kujambula ikamauma, bola dzina la kampani lisaoneke.

"Mukaijambula kutsogolo, ndi ya bwana," anatero dalaivalayo. "Mukaijambula kumbuyo, ndi ya tonsefe."

Lamlungu lija anakumana kotsukira magalimoto, pabwalo la simenti lodzaza thovu, pafupi ndi msewu waukulu. Makina opopera madzi ankalira mbali ina, magalimoto akudutsa mbali inayo. Mlongo wa Chidule anaphimba dzina la kampani ndi nsalu yofiira, anaika kasipika pampando kutali ndi diso la kamera, n'kufotokoza mmene ntchito iyendere.

"Nyimbo izilira apo. Inu musavutike kuimba mokweza, muzingoyendetsa milomo mogwirizana nayo. Mawu enieni ndikaikamo kunyumba. Maso kukamera, osati kwa mnzanu. A Mlongoti, valani magalasi."

Mbali ya Chidule inatha msanga. Anatsamira galimoto, analoza kamera, anapukusa matcheni, amayi atatu aja akugwedeza mapewa kumbuyo kwake ngati akukana ngongole ya mchere. Otsuka magalimoto anasiya mapayipi n'kumaonerera.

Itafika mbali ya Mlongoti zinthu zinasokonekera. Nyimbo inayamba, iye ali duu. Itafika pakati pa mzere, m'pamene anatsegula pakamwa. Anabwereza. Ulendo uno anayamba nyimbo isanayambe. Anabwerezanso. Sipika inkati "si langa" iye akadali pa "si yanga". Kenako mlongo uja anaimitsa nyimbo kuti akonze kamera, amayi ovina anaima, koma Mlongoti anapitirizabe, akuyendetsa milomo ndi mtima wonse, akuloza kamera ndi mphete zake za makatani, kasipika kali zii.

Anthu anaseka kwambiri, poganiza kuti akuchitira dala. Chidule nayenso anaseka poyamba. Koma atabwereza kangapo, dzuwa litakwera, penti wa matcheni atayamba kumata m'khosi, dalaivala akuyang'ana wotchi chifukwa masana anali ndi ulendo, kuseka kunatha. Mmodzi wa amayi aja anakhala pansi n'kuvula nsapato.

Zonse zimene Chidule anasunga miyezi ija zinakwera nthawi imodzi.

"Ngati watopa nane ungonena!" anakalipa. "Anthu asiya ntchito zawo kudzatithandiza, iwe ukuchita zibwana. Pasiteji ukundiwonongera, foni suyankha, lero ukundichititsa manyazi pamaso pa mlongo wanga. Ngati sukufuna, nena, ndipeze pogwira!"

Mlongoti anavula magalasi akuda aja, n'kuwerama pang'ono. "Wati chiyani?"

"Wandimva!"

Mlongoti anamuyang'ana kanthawi, kenako anatembenuka n'kupita kuseri kwa thanki ya madzi. Kumeneko anakhala pachidebe chovundikira, atafulatira anthu, n'kuyamba kumasula tcheni m'khosi. Mkazi wake anafuna kumutsatira koma anaima, dzanja lili pakamwa.

Mkwiyo wa Chidule sunkachedwa kuphwa. Pasanapite nthawi anali atayamba kale kumva chisoni. Anazungulira thanki ija n'kuima kumbuyo kwa mnzakeyo. Atakhala pachidebe, Mlongoti anali wofanana naye msinkhu.

"Aise, ndalankhula udyo," anatero Chidule. "Dzuwali landizunguza mutu. Tiye tikamalize."

Mlongoti sanatembenuke. Ankangolimbana ndi tcheni.

"Ndapepesa, aise. Ukufuna ndigwade m'thovumu?"

Zii.

Chidule anamva mtima ukuyambanso kutentha, koma anadzigwira. Anaganiza zomuseketsa ndi chinthu chimene Mlongoti sanalepherepo kuyankha, kaya ali pasiteji, kaya ali m'basi, kaya akudwala malungo.

"Mlongoti, ukundiona?"

Palibe chinachitika. Ngakhale phewa silinagwedezeke. Chidule anayang'ana khosi lalitali lija, lothimbirira ndi penti wagolide. Anazungulira pang'onopang'ono n'kukaima kutsogolo. Mlongoti anadzidzimuka ngati munthu amene samadziwa kuti pali wina pafupi.

"Mlongoti, ukundiona?" anabwereza Chidule, motsitsa mawu kuposa poyamba.

Maso a Mlongoti anapita pa milomo yake. "Ndikuona chipewa chikuyenda chokha," anayankha motopa. "Koma lero ndilibe mphamvu, aise."

Chidule anaphimba pakamwa pake ndi chikhatho, n'kunena kuti, "Dzina la mwana wako woyamba ndani?"

Mlongoti anayang'ana chikhathocho. Anayang'ana m'maso mwa Chidule. Kenako anagwetsa nkhope, tcheni lija lili m'manja.

Chidule anachotsa dzanja. Anakhala pansi pa simenti yonyowa, jekete laubweya ndi zonse. Anakumbukira mafoni osayankhidwa, "kwezaninso" wa m'kabati muja, ndi mmene Mlongoti masiku amenewo ankamuyang'anitsitsa pakamwa pasiteji, iye n'kumaganiza kuti ndi mbali ya sewero. Ndipo lero anamuveka magalasi akuda, kumuuza kuti ayang'ane kamera, kasipika kali kutali pakati pa phokoso la makina.

"Zinayamba liti?" anafunsa, akuonetsetsa kuti nkhope yake ili poonekera.

"Kalekale. Khutu lakumanzereli linayamba, linalo likutsatira. Mwina ndi masipika amene takhala tikuima pafupi nawo zaka zonsezi, mwina ndi ukalamba, kaya. Munthu akakhala pafupi, pamalo pali phee, ndimamva. Pakakhala phokoso ndimangomva ngati ndili pansi pa madzi."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuze kuti chiyani? Kuti munthu amene ntchito yake ndi kudikira anthu amalize kuseka sakumvanso kuseka?" Mlongoti anapukusa mutu. "Mawu ako ndimawadziwa pamtima, ndipo ndimaona milomo yako. Koma anthu aja, aise. Amazimitsa magetsi m'holo, nyale zonse n'kulozetsa kwa ife. Ndimaona mano a anthu a mzere woyamba basi, kwinako ndi mdima. Sindidziwa ngati akuseka kapena asiya. Ndimangoyerekeza. Ndikaona nkhope yako yakwinyika, ndimadziwa kuti ndaphonyanso."

Mkazi wa Mlongoti anali atafika n'kuima chapafupi, mapini ali pakolala ya diresi lake.

"Alamu, mwachedwa kuona," anatero polankhula ndi Chidule. "Kunyumba ndimachita kuthimitsa ndi kuyatsa getsi kuti atembenuke. Ndawauza za kuchipatala mpaka pakamwa kuuma. Akuti akapita kumeneko nkhani imveka, ndiye inu mupeza wina wamtali."

"Wamtali wina ndimutenga kuti ine?" anatero Chidule. "Mukuganiza kuti amagulitsa pa mita?"

Mlongoti anaona milomoyo ndipo mphuno yake inatulutsa kampweya, komwe kwa iye kunali kuseka kwakukulu.

Atabwerera kugalimoto anapeza anthu ataunjikana pa kamera. Mlongo wa Chidule ankawaonetsa zimene anajambula, ndipo otsuka magalimoto ankagwirana mapewa ndi kuseka. Mayiyo sankadziwa zimene zinakambidwa kuseri kwa thanki.

"Achimwene, bwerani muone! Tisavutikenso, vidiyo ndi imeneyi. Taonani apa nyimbo yatha iwo akupitirizabe. Izi zokha anthu atumizirana mpaka mafoni kutentha."

Chidule anayang'ana pa kagalasi ka kamera. Mlongo wakeyo sankanama. Zinali zoseketsa kuposa chilichonse chimene iye anapeka: chimunthu chachitali, chovala bulangete, chikuimba ndi mtima wonse nyimbo imene palibe akuimva. Zaka zonse za pasiteji zinamuuza kuti izi zikanadzaza holo. Anayang'ana Mlongoti, amene ankaonera pamwamba pa mitu ya anthu.

"Ayi," anatero Mlongoti. Kenako, poona kuti onse akumuyang'ana, anapitiriza. "Makutu angawa akufa, achemwali. Pamenepo sindimachita sewero, sindimamva nyimbo. Anthu akhala akundiseka moyo wanga wonse ndipo ndimakondwa, chifukwa amaseka chimene ndawakonzera. Ichi sindinakonze."

Wotsuka magalimoto wina anatola payipi yake mwakachetechete n'kubwerera kuntchito. Mlongo wa Chidule anayang'ana mchimwene wake.

"Fufuta," anatero Chidule.

Mayiyo anafufuta pomwepo, onse akuona. Kenako anapukuta m'maso ndi mkono n'kufunsa kuti, "Nanga tsono titani? Nthawi ikupita."

Chidule anali ataganiza kale. "Mahedifoni aja a m'kabati uli nawo?"

Anali m'chikwama. Penti wagolide anali atatsalako m'kachitini. Anawapaka mwachangu, kuwaumitsa padenga la galimoto, ndipo atawaika pamutu pa Mlongoti anaoneka ngati mbali ya zovala, chifukwa anyamata oimba aja nawonso amavala otero. Waya anaudutsa mkati mwa jekete mpaka m'thumba, momwe munali foni yokhala ndi nyimbo. Anakweza mpaka pomaliza. Nyimbo inkamveka kuchokera m'makutu mwa Mlongoti ngati njuchi zili m'chitini.

Kasipika kaja anakazimitsa, chifukwa sikakanayendera limodzi ndi foni. Tsopano amene ankamva nyimbo bwinobwino anali Mlongoti yekha. Chidule anaima pafupi naye, khutu lili ku njuchi zija, maso akuba milomo ya mnzake. Amayi ovina anali kutali, sankamva kalikonse, choncho mkazi wa Mlongoti anaima kumbuyo kwa kamera, akuyang'ana phazi la mwamuna wake n'kumawomba m'manja motsatira, iwo n'kumavina kutsatira m'manjamo. Bwalo lonse linkayendera munthu mmodzi.

Ndipo Mlongoti anaimba. Milomo inagwera pamawu ngati chivundikiro pa poto wake. Anatsamira galimoto ya maliro ngati anaigula dzulo, anakweza nsapato yobwereka pa tayala, anafika pa "naye akuti aganize kaye" n'kuyang'ana mkazi wake ndi nkhope yachisoni chenicheni, moti mayiyo anaphonya kuwomba m'manja chifukwa cha kuseka. Mlongo wa Chidule ankayenda chobwerera m'mbuyo ndi kamera, akuponda m'madzi, akukuwa kuti, "Musasiye! Musasiye!"

Chomaliza anafuna kujambula galimoto ikutuluka pachipata pang'onopang'ono, awiriwo akuyenda m'mbali mwake monyada, amayi aja akutsatira. Mphepo inakankha nsalu yofiira ija pang'ono, ndipo kumbuyo kwa galimoto, ndi makatani ake oyera, kunaonekera kumsewu. Bambo wina wachikulire amene ankadutsa ndi njinga anatsika msanga, anavula chipewa n'kuweramitsa mutu. Atadzutsa maso anaona madala awiri ovala mabulangete ndi matcheni a zipata, ndi amayi atatu akugwedeza mapewa. Anayang'ana galimoto, anayang'ana anthuwo, n'kuyandikira kwa wamtaliyo mwaulemu.

"Pepani bambo, wamwalira ndani?"

Mlongoti anali atatsitsa mahedifoni m'khosi ndipo bamboyo anali pafupi, nkhope ili poyera. Chidule anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anaona mmene mnzakeyo anaimira, ndipo anatseka. Mlongoti anayang'ana bamboyo. Anayang'ana jekete lake. Anayang'ana amayi aja. Anadikira mpaka Chidule anayamba kuopa kuti sanamve.

"Manyazi," anayankha.

Dalaivala anagwetsa mutu pachiwongolero. Bambo wa njinga uja anaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu, ndipo atamufotokozera anavomera kuti nkhope yake ioneke, bola amupatse tikiti. Kamera inali ikujambula nthawi yonseyo. Pamenepo m'pamene vidiyo inathera, kenako n'kubwera mawu onena tsiku ndi malo a sewero.

Vidiyoyo sinagwedeze dziko, koma inayenda. Inachoka pafoni ya mlongo uja kupita kwa akwati onse amene anawajambulapo, kuchoka kumeneko kupita kwa azibale awo. Pofika pakati pa sabata, anthu obwera kudzagula misomali ankaloza sikelo ya Chidule n'kumati, "Musaigwire, si yanga." Bwana wa dalaivala uja anaizindikira galimoto yake, anamukalipira dalaivalayo m'mawa wonse, madzulo n'kutumiza munthu kudzatenga matikiti a banja lake. Kabati ya Chidule inayamba kupepuka.

Loweruka lija Chidule anafika kuholo msanga n'kukapeza mkulu woyang'anira magetsi.

"Akulu, magetsi a kwa anthu musazimitse onse. Asiyeni aziwala pang'ono, nkhope zizioneka mpaka kumbuyo."

"Sewero amaonera mumdima," anatero mkuluyo.

"Lathuli ayi."

"Mipando yopanda anthu ionekera."

"Ionekere."

Inaonekeradi. Mizere ya kumbuyo inali ndi mipata, ndipo pakona pena panali mayi akuyamwitsa mwana, amene mumdima sakanaoneka. Koma anthu analipo ambiri kuposa amene awiriwa anawaona kwa zaka zingapo, ena atavala matcheni awoawo opaka penti. Chidule sanamuuze Mlongoti za magetsi. Atatuluka kuseri kwa katani, Mlongoti anaima. Anayang'ana holo yonse, mzere ndi mzere, mpaka kukhoma la kumbuyo. Kenako anayang'ana pansi kwa Chidule.

Anayamba sewero. Chidule ankalankhula atatembenuzira nkhope kwa mnzake nthawi zonse, ngakhale zinamupangitsa kuyenda chammbali ngati nkhanu, zomwe anthu anaziona ngati nthabwala yatsopano. Anthu akaseka, Mlongoti ankawayang'ana: mapewa akugwedezeka, mitu ikugwera m'mbuyo, bambo wonenepa wa mzere wachitatu akumenya bondo la mnzake. Ankadikira mpaka mapewa atayamba kukhazikika, bambo uja atayamba kupukuta misozi, ndiye n'kuponya mawu ake. Anaphonya malo amodzi, pamene Chidule anaiwala n'kulankhula atafulatira. Mlongoti anangoima osayankha. Chidule anazindikira, anatembenuka, n'kubwereza funso lija mokuwa ngati wakwiya, ndipo palibe anadziwa kuti panalakwika kanthu kupatula mkazi wa Mlongoti, amene anakhala kutsogolo atafumbata chikwama chake ndi manja onse awiri. Pomaliza anaimba nyimbo ija, Mlongoti atavala mahedifoni ake agolide, holo yonse ikuyankha kuti "si yanga, si langa".

Za kuchipatala Chidule sanazisiye m'manja mwa alamu ake okha. Sabata yotsatira anapempha tchuthi cha m'mawa kusitolo n'kukagogoda kwa Mlongoti, ndipo atakumbukira anasiya kugogoda n'kukasuzumira pawindo. Anapita atatu. Mlongoti anayenda njira yonse akudandaula kuti pali firiji ya munthu ikumudikira.

Dokotala wa makutu, mayi wodekha wolankhula pang'onopang'ono, anamulowetsa m'kachipinda n'kumuuza kuti azikweza dzanja akamva kulira. Chidule ankaonera pagalasi. Dzanja linkakwera mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri silinkakwera. Dokotalayo sanabise. Khutu lakumanzere linali litapita ndithu ndipo silikanabwerera. Lakumanja likanathandizidwa ndi kachipangizo kovala kuseri kwa khutu, ngakhale kuti sikakanabweza zonse, makamaka pamalo aphokoso. Anawonjezera kuti mahedifoni okweza mpaka pomaliza awasiye, ngati akufuna kusunga chimene chatsala. Mlongoti anangogwedeza mutu. Mkazi wake analira pang'ono, mwina chifukwa cha khutu lakumanzere, mwina chifukwa chakuti katundu amene anasenza yekha nthawi yaitali anali atatsika.

Kachipangizoko kanatenga nthawi kuti kapezeke, ndipo tsiku lokakatenga Chidule anapitanso. Atamuveka, Mlongoti anatchera khutu, maso ali mwaa. Anatembenukira kukhoma kumene wotchi inkagunda. Anasisita nsapato pansi n'kumvetsera. Atatuluka panja, njinga yamoto inadutsa ndipo iye anadumpha n'kugwira phewa la mkazi wake.

Chidule, chifukwa cha chisangalalo, anali atayamba kale kulongolola. Ankakamba za sewero lotsatira, za holo yaikulupo, za nyimbo ina imene inamubwerera m'mutu ali m'bafa, za mmene angabwerekere ngolo ya ayisikilimu. Ankayenda kumbali ya khutu lakumanja, akuponya manja uku ndi uku. Mlongoti anaima pakati pa njira n'kumuyang'ana kuchokera kumwamba kuja.

"Aise, mawu akowa ndi omwewa? Zaka zonsezi?"

"Ndi omwewa. Bwanji?"

Mlongoti anaganiza kaye. "Anthu apirira," anatero.

Mkazi wake anamumenya pamkono ndi chikwama. Chidule anafuna kukwiya koma kuseka kunamupambana, mpaka anatsamira mpanda wa chipatala. Atapuma, anaperekeza awiriwo pokwerera basi, iye n'kuthamangira kusitolo, kumene bwana wake anali atayamba kale kufunsa za iye.